Musanalipire Fizi, Yambani Mwanjuta M'kalasimo

Nthawi ikamathamangira 7 koloko m'mawa, m'misewu ya mu Area 14 ku Lilongwe mumapezeka magulu awiri a anthu. Ena akutuluka m'mageti pagalimoto kulowera ku City Centre ndi ku Capital Hill. Ena akulowa, wapansi kapena pa kabaza, kuchokera ku Mtandire, ku Senti ndi madera ena, kudzagwira ntchito m'nyumba za m'mipandamo. Pakati pa onsewa pali kagulu kena kosachita phokoso: ana a zaka zitatu, zinayi, zisanu, tizikwama tili kumsana, akutsitsidwa pageti la sukulu ya mkaka. Mayi atsanzikana ndi mwana mothamanga, mlonda akankha geti, basi. Kuyambira pamenepo mpaka masana mwanayo akhala m'chipinda chimene makolo ake mwina adachiona kamodzi kokha, ataima pakhomo, tsiku lokalipira fizi.

Madera ngati Area 14 adakonzedwa kuti akhale a nyumba zogonamo za mapuloti akuluakulu, m'zaka zimene likulu la dziko linkasamutsidwa kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, komwe lidakhazikika mu 1975. Lero zina mwa nyumba za m'madera oterewa zidasanduka maofesi, zina malo ogona alendo, zinanso sukulu za mkaka. Palibe cholakwika kusandutsa nyumba kukhala sukulu. Koma amene adaimanga sadali kuganiza za ana makumi awiri. Pabalaza padamangidwira banja limodzi, chipinda chogona chidamangidwira anthu awiri, ndipo garaja idamangidwira galimoto, yomwe sipuma mpweya. Tsono funso limene kholo liyenera kudzifunsa si lakuti sukuluyi ndi yokongola bwanji, koma lakuti chipindachi chikumuchita chiyani mwana wanga maola asanu tsiku lililonse.

Njira yosavuta yoyambira kuyankha funsoli ndi iyi: lowani m'kalasimo, njutani pansi mpaka maso anu afike pamene pamafika maso a mwana wa zaka zinayi, kenako yang'anani uku ndi uku. Mudzaona chipinda china, osati chija mudachiona mutaima pakhomo.

Makoma odzaza

Chimene chimakopa makolo ambiri ndi makoma. Mukalowa mupeza zilembo zonse kuyambira A mpaka Z, manambala, miyezi ya pachaka, masiku a pasabata, mapu a dziko lonse, nyama za m'madzi, zipatso zoti zina mwanayo sadazionepo, mitundu ya magalimoto, ndi timapepala tolendewera kudenga tomwe timavina mphepo ikalowa. Palibe ndi pamodzi pomwe pamene pakuoneka khoma lenilenilo. Kholo limatuluka mtima uli m'malo, likuti kuno ndiye kuli maphunziro.

Akatswiri atatu a pa yunivesite ya Carnegie Mellon mumzinda wa Pittsburgh ku America, Anna Fisher, Karrie Godwin ndi Howard Seltman, adafuna kudziwa ngati zimenezi n'zoona. Adatenga ana 24 a msinkhu wa sukulu ya mkaka n'kuwaphunzitsa maphunziro asanu ndi limodzi a sayansi, pa nkhani zomwe anawo sadali kuzidziwa. Maphunziro atatu adachitikira m'chipinda chokongoletsedwa kwambiri, atatu enawo m'chipinda chomwecho atachotsamo zonse za m'makoma. Ana adali omwewo. Zotsatira zake, zomwe zidasindikizidwa mu 2014, zidaonetsa kuti m'chipinda chokongoletsedwa anawo adataya pafupifupi maperesenti 39 a nthawi yophunzira maganizo ali kwina, pamene m'chipinda chopanda zokongoletsa adataya maperesenti 28. Atawafunsa mafunso pa zomwe adaphunzira, adakhoza maperesenti 42 pa maphunziro a m'chipinda chokongola, ndi maperesenti 55 pa maphunziro a m'chipinda chinacho.

Chifukwa chake si chovuta kuchimvetsa kwa aliyense amene adalerapo mwana. Munthu wamkulu amatha kusankha choti amvetsere n'kusiya zina zonse. Ndi chifukwa chake mumatha kuwerenga nyuzipepala m'minibasi kondakitala akukuwa. Luso limenelo limadalira mbali ya kutsogolo ya ubongo, ndipo mbali imeneyi imakhwima mochedwa, mpaka munthu atapitirira zaka 20. Kwa mwana wa zaka zinayi, chilichonse chowala ndi choyenda chimamuitana, ndipo amavomera. Aphunzitsi akunena za chilembo chimodzi, iye ali ndi nsomba ya pakhoma.

Tisathamangire kunena kuti tsono makoma akhale mbee ngati a m'chipatala. Kafukufukuyu adali wa ana ochepa, maphunziro ake adali a mphindi zowerengeka, ndipo eni akewo adachenjeza kuti sakulangiza aphunzitsi kukanganula chilichonse. Adaonanso kuti m'chipinda chopanda kanthu chija ana sadasanduke angelo: ankasokonezanabe okhaokha, ngakhale kuti nthawi yonse yotayika idachepa.

Kafukufuku wina wamkulu adathandiza kuonetsa pamene pali malire. Gulu lotsogozedwa ndi Peter Barrett wa pa yunivesite ya Salford ku England lidayendera makalasi 153 m'sukulu za pulaimale 27, momwe mudali ana 3,766. Adayeza kuwala, kutentha, mpweya, mitundu ya penti, kayalidwe ka mipando ndi zina, kenako adayerekeza ndi mmene ana adapitira patsogolo pa kuwerenga, kulemba ndi masamu m'chaka chimodzi. Mu 2015 adalengeza kuti kusiyana kwa zipindazo kudafotokoza maperesenti 16 a kusiyana kwa kapitidwe patsogolo ka anawo. Pa nkhani ya makoma adapeza kuti ana amachita bwino pamene zokongoletsa zili zapakatikati. Chipinda chodzaza kwambiri chimawabweza m'mbuyo, chopanda kanthu chimodzimodzi. Adalangiza kuti gawo lina la khoma, kuyambira limodzi mwa magawo asanu mpaka theka, lizisiyidwa lopanda kanthu. Adapezanso kuti zimathandiza ana akamaona ntchito za manja awo pakhoma, chifukwa amamva kuti chipindacho ndi chawo.

Mfundo yomalizayi ndiyo ndingakonde kuti eni sukulu za mkaka aigwire. Tchati chogula m'sitolo ku Old Town, chomwe chidamatidwa pamwamba pafupi ndi denga zaka zitatu zapitazo, chimagwira ntchito imodzi yokha, yosangalatsa makolo. Chithunzi chokhotakhota cha nkhuku chimene mwana adajambula dzulo, chomatidwa pamene iye angathe kuchiloza ndi chala, chimabweretsa nkhani: uyu ndi tambala wa kwa agogo, adamupha tsiku lija kudabwera alendo. Pamene pali nkhani ndi pamene chilankhulo cha mwana chimakula. Pajatu akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Zomwe khutu likumva

Mutanjuta pomwepo, tsinzinani pang'ono mumvetsere. Phokoso ndi vuto limene makolo saliona chifukwa kawirikawiri amakayendera sukulu patchuthi kapena madzulo ana ataweruka.

Inu ndi ine tikaphonya mawu amodzi m'chiganizo timadzaza tokha, poti chilankhulocho tikuchidziwa. Mwana amene akuphunzira kumene mawu alibe chodzazira. Ayenera kumva liwu lililonse bwinobwino kuti asiyanitse "pala" ndi "phala", kapena "kuba" ndi "kupa". Ndiye muganize za mwana wa mu Area 14 amene kunyumba amalankhula Chichewa kapena Chitumbuka ndi womulera, koma kusukulu akuphunzitsidwa m'Chingerezi chokhachokha, monga zilili m'sukulu zambiri zolipira za m'tauni. Ameneyu akufunika chipinda chabata kuposa wina aliyense. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalangiza mu 1999 kuti phokoso lakumbali m'kalasi lisapitirire madesibelo 35 nthawi ya maphunziro. Limenelo ndi phokoso lochepa kwambiri, longa la m'chipinda chowerengeramo mabuku.

Nkhani yodziwika bwino pa zimenezi idachitikira ku New York. Sukulu ina ya pulaimale kumeneko idali pafupi ndi njanji, ndipo sitima inkadutsa pafupifupi mphindi zinayi ndi theka zilizonse. Mu 1975 Arline Bronzaft ndi Dennis McCarthy adayerekeza ana a m'makalasi oyang'ana kunjanji ndi a mbali inayo ya nyumba yomweyo. Ana a kunjanji adali m'mbuyo pa kuwerenga, ndipo a m'kalasi lachisanu ndi chimodzi adatsalira ndi pafupifupi chaka chathunthu. Akuluakulu ataika mphira panjanjipo ndi kukonza siling'i ya makalasiwo kuti izimeza phokoso, Bronzaft adabwererako, ndipo mu 1981 adalemba kuti kusiyana kuja kudatha. Ana sadasinthe, chidasintha ndi chipinda. Mu 2000 Lorraine Maxwell ndi Gary Evans a pa yunivesite ya Cornell adapeza zofanana ndi zimenezi pakati pa ana a zaka zinayi ndi zisanu: atapachika zomezera phokoso m'zipinda za sukulu ina ya mkaka, ana a chaka chotsatira adachita bwino pozindikira zilembo, manambala ndi mawu aafupi kuposa anzawo a chaka cha phokoso.

Mu Area 14 mulibe sitima. Phokoso lathu ndi lina: jenereta yomwe imalira kuseri kwa zenera magetsi akazima, wailesi ya kanema yosiyidwa chiyatsire pakona, miyendo yachitsulo ya mipando ikukhukhuluzika pa matailosi, ndi makalasi awiri olekanitsidwa ndi thabwa lopyapyala, uku akuimba uku akuwerenga manambala mokuwa. Kuyambira Novembala mpaka Epulo pamabweranso mvula, ndipo amene adakhalapo m'nyumba ya malata yopanda siling'i mvula ikugwa akudziwa kuti ngakhale wokhala naye pafupi simumvana. Makalasi owonjezera omwe amamangidwa msangamsanga kuseri kwa nyumba yaikulu ana akachuluka, nthawi zambiri amakhala otere.

Mankhwala ake si okwera mtengo onse. Zinthu zolimba ndi zosalala zimabweza phokoso, zofewa zimalimeza. Mkeka kapena mphasa pansi, makatani a nsalu, zidutswa za mphira kumiyendo ya mipando, chitenje chokhomedwa pakhoma limodzi, zonsezi zimachepetsa kulindima kwa chipinda. Jenereta itha kusunthidwa. Wailesi ya kanema itha kuzimitsidwa, ndipo kunena zoona m'kalasi la ana aang'ono siyofunikamo n'komwe.

Mpweya, kuwala ndi penti

Pa zinthu zonse zimene gulu la Barrett lidayeza, kuwala, kutentha ndi mpweya pamodzi zidatenga pafupifupi theka la mphamvu yonse ya chipinda pa maphunziro a ana, ndipo kuwala ndiko kudali patsogolo. Izi sizingadabwitse owerenga magazini ino. Ana makumi awiri m'chipinda chotseka mazenera amadzaza mpweya woipa m'kanthawi kochepa. Amayamba kuyasamula, kuwodzera, kukwiyitsana, ndipo chimfine cha mmodzi chimakhala cha onse pofika Lachisanu. Mu Juni ndi Julayi aphunzitsi amatseka mazenera kuopa chisanu cha Lilongwe, mu Okutobala chipinda cha malata chimasanduka uvuni. Yang'anani ngati mazenera alipo mbali ziwiri kuti mphepo izidutsa, ndiponso ngati amatsekuka. Ena adamatidwa mapepala okongoletsa mpaka dzuwa lidaleka kulowa. Ngati masana akufunika kuyatsa getsi kuti mwana aone buku, dziwani kuti magetsi akazima ndiye kuti akuphunzira mumdima.

Pali chinthu china chimene maso sangakuuzeni. Penti wina wa mafuta, makamaka wa mitundu yowala monga wachikasu ndi wofiira, amakhala ndi mtovu. Penti wotere akayamba kusupuka amasanduka fumbi, fumbilo limagwera pansi, ndipo ana amene amakwawa, kukhala pansi ndi kuika zala m'kamwa amalimeza. Mtovu umawononga ubongo umene ukukula. Umachepetsa nzeru ndi luso lomvetsera, ndipo zowonongekazo sizibwerera. A WHO amati palibe mlingo wa mtovu m'magazi a mwana umene tingati ndi wosaopsa. Kuno ku Malawi, bungwe la Lead Exposure Elimination Project lidayeza penti wa mafuta wogulitsidwa m'dziko muno, ndipo zotsatira zomwe zidadziwika mu 2021 zidaonetsa kuti woposa theka la amene adayezedwa adali ndi mtovu wopitirira mlingo wovomerezeka. Chiyambire nthawi imeneyo zinthu zasinthako, makampani ena adasiya kugwiritsa ntchito mtovu. Koma penti amene adapakidwa kale pa akatungwe, pa mafelemu a mazenera, pa zitseko ndi pa timipando akadali pomwepo. Mukaona penti wosupuka pamene ana amagwira, musachite manyazi kufunsa kuti adapakidwa liti ndipo ndi wamtundu wanji. Ndipo mwini sukulu asalole kuti penti wakaleyo apalidwe pouma ana ali pafupi, chifukwa kupalako ndiko kumachulukitsa fumbi.

Pansi ndi pofunika kuposa bolodi

Mawu oti kindergarten, omwe timawaona pa zikwangwani m'tauni muno, ndi a Chijeremani ndipo amatanthauza munda wa ana. Adawayambitsa ndi Friedrich Froebel mu 1840 m'tauni ya Bad Blankenburg, ndipo pasukulu yakeyo ana adalidi ndi timinda tawo todzalamo mbewu. Mu 1907 dokotala wina wa ku Italy, Maria Montessori, adatsegula nyumba ya ana m'dera la anthu osauka la San Lorenzo mumzinda wa Rome. Chimodzi mwa zoyamba zimene adachita chidali kuchotsa madesiki olemera n'kupangitsa timatebulo ndi timipando topepuka toti ana angathe kunyamula okha, ndi mashelefu aafupi oti mwana atenge chimene akufuna popanda kupempha. Lero dzina lake lili pa zikwangwani zambiri. Kaya mashelefuwo ali m'katimo, n'zofunika kukaona nokha.

Sukulu zina za mkaka zidangokhala Sitandade 1 yaing'ono: madesiki m'mizere, onse kuyang'ana kubolodi, ana a zaka zitatu akukopera zilembo ndi pensulo yomwe zala zawo sizidakhwime kuigwira, ndi homuweki pamwamba. Tisawanene okha aphunzitsi. Ndife makolo amene timafuna kuona makope odzaza, timafuna mwana abwere akulakatula manambala mpaka 100 kuti tione kuti ndalama yathu ikugwira ntchito. Koma kulakatula manambala ndi kwina, kudziwa kuti zisanu n'zochuluka kuposa zitatu ndi kwinanso. Chachiwirichi mwana amachiphunzira ndi manja: kugawa nyemba m'timbale, kusanja zitsekerero za mabotolo, kuthira madzi m'kapu yaikulu ndi yaing'ono, kumanga nyumba ya zitsononkho n'kuiona ikugwa.

Malangizo a WHO a mu 2019 amati mwana wa zaka zitatu kapena zinayi azikhala akuyendayenda ndi kusewera kwa mphindi zosachepera 180 pa tsiku, ndipo mphindi 60 mwa zimenezi zikhale zamasewera otulutsa thukuta. Asakhazikidwe malo amodzi kopitirira ola limodzi nthawi imodzi, ndipo kuonera kanema kapena foni kusapitirire ola limodzi pa tsiku. Chipinda chodzaza madesiki mpaka kukhoma sichingalole zimenezi. Chimene chikufunika ndi malo apansi oti ana onse akhale mozungulira kumvera nthano, ndi timakona tingapo: ka mabuku, ka masanje komwe kuli timiphika ndi mthiko, ka zoumbaumba. Apa nyumba za mu Area 14 zili ndi mwayi umene sukulu za m'madera othithikana zilibe, ndiwo bwalo lalikulu ndi mitengo ya mthunzi. Zimamvetsa chisoni kuona bwalo lonse lathiridwa simenti kuti magalimoto a makolo apeze poima, ana n'kutsala ndi kamkwasa ka kuseri.

Phunziro lochokera kumudzi

Wina atha kuganiza kuti tsono nkhani yonse yagona pa ndalama, kuti mukagula zipangizo zabwino ana aphunzira. Kafukufuku amene adachitika kuno kwathu komwe akutsutsa maganizo amenewa.

Ana ambiri a m'dziko muno amene amapita kusukulu asadayambe pulaimale sapita ku sukulu zolipira ngati za mu Area 14. Amapita ku sukulu za mkombaphala, zomwe anthu a m'mudzi amayendetsa okha, alezi ake ambiri ali ongodzipereka osalandira malipiro. Boma lidakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya maphunziro a mmera mpoyamba mu 2003, ndipo sukuluzi zakhala zikuyang'aniridwa ndi unduna woona za amayi ndi ana. Zina zili ndi nyumba zawozawo, zina zimabwereka tchalitchi, zina zimakumana m'chisakasa kapena pansi pa mtengo, ndipo mvula ikayamba kapena ufa wa phala ukatha zambiri zimatseka.

Ndi thandizo la World Bank, gulu la akatswiri lomwe mudali Berk Özler ndi Lia Fernald lidasankha sukulu zotere 199 m'maboma a Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo. Zonse zidalandira zoseweretsa ndi zipangizo zophunzirira. Zina zidalekera pomwepo. Kwina alezi adaphunzitsidwa ntchito yawo ndi kumayenderedwa. Kwina alezi ophunzitsidwawo ankalandiranso kangachepe pamwezi. Ndipo pagulu lachinayi, kuwonjezera pa kuphunzitsa alezi, makolo nawonso ankasonkhana kuphunzira mmene angasewerere, kucheza ndi kuwerenga ndi ana awo kunyumba. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2018. Kumene alezi adaphunzitsidwa, zochitika m'kalasi zidasinthadi n'kukhala zabwino. Koma patatha miyezi 18, ana amene adaoneka kuti apita patsogolo pa chilankhulo ndi pa kukhala bwino ndi anzawo adali a gulu lachinayi lija, kumene makolo adalowapo. Ndipo kuti tinene zonse osabisa, patatha miyezi 36, ana ambiri atalowa pulaimale, kusiyanako kudali kutazimiririka.

Pali zinthu ziwiri zimene tingatolepo. Choyamba, bokosi la zidole palokha siliphunzitsa mwana. Chipinda chimayamba kugwira ntchito pamene muli munthu wamkulu wodziwa kuchigwiritsa ntchito, amene amagwada kuti alankhule ndi mwana maso ndi maso, amafunsa funso n'kudikira yankho. Chachiwiri, pakhomo pathu ndi kalasi inanso, ndipo mwana amakhalapo nthawi yaitali kuposa kusukulu. Zonse tanena za phokoso ndi makoma zikukhudzanso pabalaza panu, pamene wailesi ya kanema imayamba kulira mbandakucha mpaka usiku.

Sukulu za mkombaphala zili ndi phunziro linanso, ndipo lili m'dzina lomwelo. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi adali opinimbira. Mwana wanjala samva, ngakhale chipinda chikome chotani, n'chifukwa chake kumudzi phala ndilo limasunga sukulu. M'tauni vuto limatembenuka. Tsegulani tizikwama tija pa nthawi yopuma: mabisiketi, tchipisi za m'mapaketi, zakumwa zotsekemera zamitundumitundu. Sukulu imene ili ndi lamulo pa zakudya zobwera nazo, imene imalimbikitsa nthochi, mbatata, mtedza wosinja ndi madzi akumwa abwino, ikuthandiza mwana wanu ngakhale lamulolo likukutopetsani.

Ndipo poti tatchula za kumudzi, tisaiwale gulu lija lolowa mu Area 14 wapansi m'mawa. Mayi amene akusambitsa mwana wanu ndi kumukonzera chikwama, wake wamusiya kuti? Mwina m'kachipinda ka lendi ku Mtandire momwe muli ana makumi anayi ndi mlezi mmodzi, mwina ndi mkulu wake wa zaka zisanu ndi zinayi amene wajomba kusukulu. Mabuku a zithunzi ndi zoseweretsa zimene ana anu adakula nazo n'kuzisiya m'katoni, mkeka umene mudauchotsa pabalaza, zingasinthe chipinda chimenecho kuposa mmene tchati china chatsopano chingasinthire kalasi la mwana wanu. Mufunseni mayiyo tsiku lina, mwaulemu, za kumene amasiya mwana.

Tsiku lokayendera

Pemphani kukaona sukulu ana ali m'kalasi, cha m'ma 10 koloko, osati Loweruka kapena patchuthi. Sukulu yodzidalira sikana, ngakhale ingakupempheni kukhala phee pakona. Mutanjuta muja, onani zimene mwana angathe kufikira ndi dzanja lake. Kodi mabuku ali pashelefu yapansi, akuda m'mphepete chifukwa chogwidwagwidwa, kapena ali m'kabati yokhoma, atsopano ngati adabwera dzulo? Werengani ana, muwerengenso akuluakulu. Mvetserani amene akulankhula kwambiri: ngati kwa mphindi khumi mwamva mawu a aphunzitsi okha ndi ana akubwereza pamodzi mokuwa, mwaona mmene tsiku lonse limayendera. Onaninso ngati pali kamalo kabata koti mwana wotopa kapena wolira akakhale payekha pang'ono, si monga chilango, koma kuti mtima ukhale pansi.

Pomaliza pemphani kuona chimbudzi cha ana, osati cha alendo. Anthu a ku Lilongwe sadaiwale Januwale wa 2023, pamene sukulu za mumzinda uno ndi wa Blantyre zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, mliri umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mwana amene akuopa chimbudzi chakuda kapena chachitali kuposa msinkhu wake amadzigwira m'mawa wonse, ndipo wodzigwira samva za m'kalasi. Pamalo osambira m'manja, njutaninso kachiwiri. Onani ngati dzanja la mwana lingafike pampopi popanda womunyamula, ngati sopo alipo ndipo ndi wonyowa, komanso funsani kumene madzi amachokera tsiku limene m'mipopi mwauma. Sukulu zina za mkombaphala zidathana nazo kalekale ndi mpondagiya: kachigubu komangirira pamtengo, chingwe, ndi kathabwa koponda ndi phazi, zonse pa msinkhu wa mwana wa zaka zitatu.